Chidendene Chakumanzere

Mwana wanga wachisamba amatha nsapato mbali imodzi. Ana a anzanga amatha kutsogolo kapena kuchidendene, iye ayi, m'mphepete mwakunja mokhamokha, ngati pali munthu amene amabwera ndi mpeni kudzasenga. Nsapato yogula mwezi uno, mwezi wachitatu usanathe yapendekeka kale. Ine ndimagulitsa ndowa, mabeseni ndi mbale zapulasitiki pamsika, dzuwa lonse limathera pamutu panga. Ndiye munthu azindithera nsapato chonchi? Ndinkamukwapula. Ndisabise. Ndinkamukwapula ndi nsapato yomweyo.

Zinayamba ali ndi zaka khumi. Pano ali ndi khumi ndi zinayi. Ankagwa pamalo poti palibe mwala, palibe dzenje. Kumutuma madzi, theka ankamwetsa njira. Zala zakumiyendo zinayamba kupindika ngati zikufuna kukanda pansi, ndiye tsiku lina nditapsa mtima ndinati, tayenda ngati munthu iwe Nkhanu. Dzinalo linamera pomwepo. Azing'ono ake analitola, ana oyandikana nafe analitola, mpaka kusukulu linakafika lokha popanda womunyamulira.

Pafupi ndi benchi langa pamsika pamakhala bambo wosoka nsapato. Mwana ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, bamboyo anandibwezera nsapato osaigwira n'komwe. Anati watopa kumata malo amodzimodzi, vuto si nsapato koma phazi, ndipite naye mwana kuchipatala. Ndinamuyankha kuti guluu wake ndi wamadzi, asanamizire mwana wanga. Ndinasamukira kwa wosoka wina wa kuseri kwa mabucha, amene sankayankhula zambiri.

Chimene chinatifikitsa kuchipatala n'chakuti mwana anabinya mwendo potsika minibasi, kakolo n'kutupa ngati buledi. Namwino wa kuchipatala chaching'ono atamanga bandeji anayang'anitsitsa mapazi aja nthawi yaitali, kenako analemba kalata yoti Lachinayi tikaonane ndi adokotala a mafupa. Anandiyang'ananso ine, kayang'anidwe kamene sindinakakonde.

Lachitatu masana ndinatseka benchi msanga. Ndinamukhazika mwana pakhonde, mapazi m'beseni la madzi ofunda. Kunsi kwa mapazi ake kunali khungu louma gwa, lachikasu, pansi pa chala chachikulu, pansi pa chaching'ono, ndi mzere wonse wa m'mphepete. Pamwamba pa zala zopindika zija panalinso timfundo tolimba. Ndinati anthu ophunzira aja asakanene kuti mwana alibe mayi. Ndinakwecha ndi mwala, ndinasenga ndi lezala watsopano mpaka panafiira, n'kudzoza mafuta. Iye ankangoluma mlomo. Kenako ndinabwerera kumsika kukagula nsapato zatsopano, ndipo ndinakangana naye mwini wake mpaka anati, tengani mayi, mwandiwawitsa mutu. Zakale zija, zopendekeka zija, ndinaziponya kudzala n'kuthirapo phulusa.

Lachinayi tinakhala pabenchi la m'khonde la chipatala kuyambira m'mawa. Kunali anthu a ndodo, a zikhakha, agogo ena akubuula ndi chiuno. Ine kudikira sindimatha. Ndinafunsa mlonda kawiri ngati adokotalawo amabwera wapansi kuchokera kunja kwa dziko. Dzuwa litakwera ndithu tinaitanidwa.

Kachipinda kake kanali kakang'ono. Bedi lokutidwa ndi pulasitiki wabulauni, tebulo, sinki, mpando wa miyendo itatu, ndi shelefu imene panali mafupa a phazi apulasitiki ndi timatabwa tosanjikizana, tina topyapyala tina tochindikala. Adokotala ake anali mtsikana ndithu, wa magalasi, cholembera atachisomeka m'tsitsi. Mumtima ndinati, tadikira m'mawa wonse kudikira mwana ameneyu?

Anayamba kupereka moni kwa mwana, ine pambuyo. Atamufunsa dzina, mwana anatchula dzina lake lenileni, motsitsa mawu. Linandimveka lachilendo m'khutu. Sindikumbuka kuti ndinali nditalitchula liti.

Ndiye anafunsa kuti zinayamba liti. Ndinayankha ine mwana asanatsegule pakamwa.

"Miyezi itatu yapitayi, adokotala. Kale ankayenda bwinobwino."

Analemba. Mwana anayang'ana pansi.

Anamuvula nsapato, n'kuzitembenuza, n'kuona kuti kunsi kwake ngakhale mtengo wogulira sunafufutike. Anafunsa zakale. Ndinati tinapatsa ena. Anati n'zachisoni, chifukwa nsapato yakale imanena zonse, pamene munthu amaponda ndi pamene saponda, kuposa mmene mwini wake anganenere. Kenako ananyamula phazi n'kuliyang'ana kunsi.

"Wasenga apa ndani?"

"Ukhondo, adokotala."

Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Sanandikalipire. Anangoti khungu lolimba lija limamera pamene thupi likulemera kwambiri, ndipo iwo amaliwerenga ngati mmene ine ndimadziwira ndowa yong'aluka poigogoda. Tsopano ndafufuta. Anawonjezera kuti mwana ngati ameneyu mwina samva bwino kuphazi, lezala akhoza kulowa iye osadziwa, bala n'kukana kupola. Ndinati sindinadziwe. Anati akudziwa kuti sindinadziwe.

Anamutulutsa m'khonde kuti ayende, kupita ndi kubwera, siketi atakwinyira m'mabondo. Iwo ananjuta pansi kumayang'ana. Ine zaka zonsezi ndinkangomva kayendedwe kake, phwa phwa phwa, koma kuyang'ana ndinali ndisanayang'anepo. Ankakweza mabondo kwambiri ngati akuwoloka madzi, phazi n'kumagwa ndi m'mphepete. Atamuuza kuti ayende chonyang'ama, ndi zala, anatha. Atamuuza kuti ayende ndi zidendene, zala zili m'mwamba, anayesa kawiri n'kugwira khoma.

Titabwerera m'chipinda anamunyowetsa mapazi pasinki n'kumupondetsa pasimenti. Chidindo cha phazi la munthu ndimachidziwa, chimakhala chimodzi kuyambira kuchidendene mpaka kuzala. Cha mwana wanga chinali zidutswa ziwiri, kumbuyo kwina kutsogolo kwina, pakati pouma. Adokotala anasolola cholembera m'tsitsi n'kuchilowetsa pansi pa phazi, mwana ataima. Chinalowa chonse osakhudza khungu. Pakati pa phazi panali mphako.

Anandiitana kuti ndiime kumbuyo kwa mwana. Anati ndiyang'ane zidendene. Chidendene chabwino chimaima chilili, kapena kutsamira panja pang'ono. Za mwana wanga zonse ziwiri zinapindikira mkati, ngati zikufuna kuyang'anana. Miyendo kuyambira m'mabondo kutsika inali yowonda ngati mipini ya tsache. Ine ndinkati ndi kukana kudya.

Ndinafunsa kuti chikupinda chidendene n'chiyani, poti palibe anachimenya. Anakoka mpando wa miyendo itatu uja. Anati phazi limaima patatu ngati mpandowu: chidendene, tsinde la chala chachikulu, ndi tsinde la chala chaching'ono. Anatenga kathabwa n'kukaika pansi pa mwendo umodzi wa mpando, mpando n'kupendekera kwina. Anati minofu imene imayendetsa phazi imakokana, wina uku wina uku, ndipo ikakhala yolingana mphamvu phazi limakhala pakati. Kwa mwana wanga ina yafooka, ina ikadali yamphamvu, ndiye yamphamvuyo yakokera tsinde la chala chachikulu pansi. Mwendo umodzi wa mpando watalika. Akaponda, mbali ya chala chachikulu imafika pansi msanga n'kukankhira phazi lonse kunja, chidendene n'kumatsatira. N'chifukwa chake amabinya kakolo pafupipafupi, n'chifukwa chake nsapato imadyeka m'mphepete.

Nsapato imadyeka m'mphepete. Ananena mopepuka, akubweza mpando pamalo pake. Ine dzanja langa lamanja linayamba kutentha.

Kenako anati tsopano tione chachikulu, ngati chidendene chikadali chofewa kapena chinauma. Anati chikakhala chofewa, amapanga chopondera cha mkati mwa nsapato, mwana n'kumachita mafizo olimbitsa minofu, mwina kenako kusuntha mtsempha umodzi. Chikakhala chouma, ndiye kuti fupa lenilenilo lazolowera kukhota, ndipo kuliwongola kwake n'kulidula.

Anatenga thabwa lochindikala ngati buku n'kuliika pansi. Anamuimika mwana kuti chidendene ndi m'mphepete mwa phazi zikhale pathabwa, koma chala chachikulu ndi tsinde lake zilendewere m'mbali, zitsike mmene zikufunira. Anati apa tauchotsa mwendo wautali uja, tione ngati mpando ukhazikike. Anayamba ndi phazi lamanja. Ine ndinali kumbuyo, nditawerama. Ndinaona ndi maso anga chidendene chikubwerera, pang'onopang'ono, mpaka chinaima chilili ngati cha mwana wina aliyense. Adokotala anati, ili ndi lomvera ili.

Anasinthira lakumanzere. Analikonza bwino pathabwa, anamuuza mwana kuti atsamire ndi thupi lonse. Chidendene sichinasunthe. Anasintha thabwa, kuika lochindikala kuposa lija. Chimodzimodzi. Anamukhazika pabedi, anagwira chidendene ndi dzanja n'kuyesa kuchipotolera kunja. Chinakana.

Ndinati ayesenso, mwina mwana waumitsa dala, amatero ameneyu. Adokotala anangopitiriza ntchito yawo. Anamuuza kuti akankhe dzanja lawo ndi phazi, mkati, kunja, m'mwamba, pansi. Kukankhira mkati ndi pansi anali ndi mphamvu. Kunja ndi m'mwamba, adokotala ankamugonjetsa ndi zala ziwiri. Anagogoda ndi kanyundo ka labala kumbuyo kwa kakolo, phazi osadzidzimuka. Anamenya kachitsulo kokhala ngati foloko ya mano awiri, kakunjenjemera, n'kukakhazika pachala chachikulu. Mwana anati sakumva kanthu. Pabondo anati akumva.

Apa nkhope ya adokotala inasintha. Anabwerera papepala lawo, anawerenga zimene analemba poyamba paja, n'kundifunsanso ngati ndanenadi miyezi itatu. Ndinati eya. Pamsika ukatchula mtengo subwerera, ukabwerera wagonja. Pakamwa panga panazolowera choncho.

Anamugoneka mwana chafufumimba, anamukweza bulauzi, anayenda ndi chala mumsana monse kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Anamufunsa ngati msana umamupweteka, ngati mkodzo umamupulumuka, ngati miyendo imachita dzanzi. Kenako anandiuza mosazungulira. Anati phazi lotere limatenga zaka kuti lifike apa. Ngati la mwana uyu lauma m'miyezi itatu yokha, ndipo mbali imodzi kuposa inzake, ndiye kuti pakhoza kukhala chinthu chimene chikukula mumsana n'kumafinya mitsempha, ndipo chimenecho sichidikira. Amugoneka lero lomwe, mawa apite ndi ambulansi kuchipatala chachikulu akamuunike msana m'makina. Ananyamula foni n'kuyamba kufunsa ngati kuwodi ya ana kuli bedi.

Mwana anali atakhala m'mphepete mwa bedi. Anafunsa ndi mawu ang'onoang'ono ngati akamung'ambe msana. Adokotala anatseka foni ndi dzanja, anati sakudziwa, n'chifukwa chake akufuna kuona msanga. Kenako anawerama mpaka maso awo analingana ndi ake.

"Tandiuza iweyo, mwini wake mapazi. Ndi miyezi itatu?"

Mwana anandiyang'ana ine. Sanayang'ane nkhope, anayang'ana dzanja langa.

"Eya, miyezi itatu."

Ndakhala ndikutukwanidwa pamsika, ndalandidwapo katundu, mwamuna anandisiya ndi ana atatu. Palibe chimene chinandilowa ngati eya ameneyo.

"Ikani foniyo pansi, adokotala. Ndanama. Ndi zaka zinayi."

Anaika. Ndinanena zonse, mawu akutuluka okha ngati madzi a mumpopi wothyoka. Za wosoka nsapato amene anandiuza mwana ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Za nsapato zimene sindinapatse munthu, zili kudzala. Zoti ndinkamumenya akagwa, ndinkamumenya akatha nsapato, ndipo chaka china ndinamuveka zothina miyezi isanu kuti aphunzire kusamala. Ndinati ngati pali pondilemba, andilembe.

Adokotala anafufuta mzere umodzi papepala n'kulemba wina. Anati zikomo kuti ndanena, chifukwa zaka zinayi ndi nkhani ina. Msana adzaujambulabe kuti atsimikize, koma osati ndi ambulansi, ndipo mwana agona kunyumba. Kenako anati ndivule nsapato zanga.

Ndinakana kaye. Ndinati wodwala si ine. Anangodikira. Ndinavula. Anandiimika pasimenti, anazungulira kumbuyo, analowetsa cholembera chija pansi pa phazi langa. Chinalowa theka. Zala zanga ziwiri zapakati n'zopindika kuyambira ndili mtsikana, ndipo bambo anga ankadula nsapato zawo pamwamba kuti zala zipume. Kwathu timangoti ndi mapazi a kubanja. Adokotala anati n'kutheka kuti ndi matenda a mitsempha oyenda m'magazi, ena amawagwira pang'ono ngati ine, ena kwambiri ngati mwana. Adzayeza kuti adziwe bwino. Anati azing'ono akenso ndibwere nawo.

Ndinafunsa molunjika, poti ine zozungulira sindimatha. Kodi nsapato zothina zija ndi zimene zinapinda phazi? Anati ayi, zinangomupweteka. Kodi kumenya kuja? Anati kumenya sikupinda fupa, ndipo sanapitirize, koma ndinamva kuti mawu ena awameza. Ndiye ndinafunsa lomaliza, limene ndinkaliopa. Ndikanabwera naye nthawi imene wosoka nsapato ananena, lakumanzereli likanakhala bwanji?

Ndinkafuna anene kuti n'chimodzimodzi.

"Sindingalumbire, mayi. Matendawa sitikanawaletsa. Koma zaka zitatu zapitazo, ndikuganiza kuti likanakhala lofewa ngati linzakeli."

Ndinayamba kunenerera. Ndi chokhacho chimene ndimadziwa. Ndinati apange zopondera ziwiri, lamanja ndi lamanzere, tiyese kaye chaka chimodzi. Anati chopondera pa phazi louma chimangotupitsa matuza. Ndinati miyezi isanu ndi umodzi basi, ndizimuwongola ndekha m'mawa ndi madzulo ndi madzi otentha, manja anga ndi olimba. Anati ndikhoza kumuthyola. Ndinati nanga chikhakha, amange chikhakha mwezi wonse, iwiri ngati akufuna. Anati chikhakha chidzabwera, koma pambuyo pa opaleshoni. Ndinati ndiye adule mtsempha wokha, fupa alisiye, tikumane pakati.

"Mayi, ine ndikanakonda kukutsitsirani. Koma amene mukunenerera naye si ine, ndi fupa."

Anafotokoza kuti adokotala aakulu a opaleshoni ndi amene adzagamule akaona zithunzi, koma ndisayembekezere zina. Adzadula fupa la chidendene n'kulisunthira kunja, adzakweza tsinde la chala chachikulu, adzasamutsa mtsempha kuti uzikoka mbali yofooka. Milungu isanu ndi umodzi osaponda, kenako ndodo, kenako kuphunziranso kuyenda. Teremu imodzi ya sukulu ipita. Akatero phazi lidzaponda lonse pansi, ngakhale silidzakhala ngati la anzake. Tikalisiya, kakolo adzapitiriza kubinyika mpaka kudyeka, ndipo podzafika zaka makumi atatu adzakhala akuyendera fupa la m'mbali.

Anafunsa mwana ngati wamva, ndiponso ngati ali ndi funso. Mwana anafunsa ngati adzagone tulo pomudulapo. Adokotala anati eya, sadzamva kanthu. Anafunsanso ngati pambuyo pake adzathe kuthamanga. Adokotala anati pang'ono, koma kugwa kudzachepa kwambiri. Mwana anagwedeza mutu ngati munthu amene wagula chinthu pamtengo woyenera.

Anatipatsa mapepala atatu, lojambulira mapazi ndi msana, lokayezetsa chopondera cha phazi lamanja, ndi la tsiku lodzaonana ndi a opaleshoni. Pa lachitatulo panali malo oti kholo lisaine kuti lamva ndipo livomera kuti mwana alembedwe pamndandanda. Dzina langa ndimatha kulemba, ngakhale limatenga nthawi. Tsiku limenelo linatenga nthawi kuposa masiku onse. Adokotala sanandifulumizitse.

Kojambulira kunali mzere wina. Tinakhala pabenchi, iye uku ine uku, pakati pathu mapepala. Patsogolo pathu mayi wina ankadyetsa mwana wake wa chikhakha nthochi, akumunyengerera. Ndinafuna kunena kanthu koma mawu ofewa ndilibe, sindinawaphunzire. Ndinangonena mmene zilili. Ndinati phazi lakumanzerelo alidula chifukwa ine ndinachedwa, osati chifukwa iye amayenda moipa. Sanayendepo moipa. Ndinati amve bwino zimenezo, asadzaiwale n'kumadziimba mlandu.

Anati wamva.

Ndinamufunsa chifukwa chake anavomera bodza langa, chikhalirecho anamva kuti akamugoneka ndipo mwina akamung'amba msana. Anakanda bandeji ya pakakolo, osandiyang'ana.

"Mukanachita manyazi pamaso pa adokotala, amayi."

Ndinati ndiye ukanalola akutenge pa ambulansi chifukwa cha manyazi anga? Anati akanapita, akanakaona kuti mumsana mulibe kanthu, n'kumubweza. Ananena ngati nkhani yaing'ono, ngati waiganizira kale n'kuona kuti ndi yotchipa kuposa inayo.

Sindinalire, pamaso pa anthu sindilira. Ndinamuuza kuti kuyambira lero, dokotala akafunsa, aziyankha iye, ndipo ndikanama azinditsutsa pomwepo, mokweza, ngakhale pali anthu. Anandiyang'ana kuti aone ngati ndi msampha. Ndinati ndikunena zoona.

Wojambula anatulukira pakhomo ndi pepala m'manja, bambo wonenepa wotopa ndi ntchito. Anatiitana, anamukweza mwana pakabokosi kuti ajambule mapazi ataimirira, n'kufunsa mosayang'ana munthu kuti vutoli lakhala nthawi yaitali bwanji. Pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinapatseka.

"Zaka zinayi," anatero mwana wanga. "Lakumanzere ndi limene adule."